Kuwerenga Baibulo Modekha ndi Kupempha Nzeru kwa Mulungu

(Kanyimbo kotsegulira pulogalamu, kenaka wokamba nkhani ayamba)

Nkhani ya lero ikukhudza ntchito imene Akhristu ambiri amaiyesa yapafupi pamene ili yofuna mtima wonse, ndiyo ntchito yowerenga Baibulo modekha ndi kupempha nzeru kwa Mulungu pa zimene munthu wawerengazo. Amene ali ndi Baibulo pafupi angachite bwino kulitsegula pa buku la Yeremiya, chaputala 28 ndi 29, chifukwa mbali yaikulu ya phunziroli itsamira pamenepo.

Baibulo si buku limodzi lolembedwa ndi munthu mmodzi pa nthawi imodzi, koma ndi mabuku ambiri omangidwa pamodzi, okwana 66 m'Mabaibulo a mipingo ya Chipulotesitanti ndi 73 m'Mabaibulo a Akatolika, amene analembedwa pa zaka mazanamazana m'Chihebri, m'Chiaramu ndi m'Chigriki. Mkati mwake muli mbiri ya mafumu, malamulo, nyimbo za mapemphero, miyambi, maulosi, makalata opita ku mipingo ndi masomphenya, ndipo chilichonse mwa zimenezi chili ndi kawerengedwe kake, pakuti salimo la munthu wolira usiku silingamvedwe monga momwe amamvera lamulo la pa phiri la Sinai. Nawonso manambala a machaputala ndi mavesi, amene wowerenga wa lero amawaona ngati mbali ya Malembo enieniwo, sanalembedwe ndi Mose, Yesaya kapena Paulo. Kagawidwe ka machaputala kamene kali m'Mabaibulo a masiku ano kamadziwika ndi dzina la Stephen Langton, amene anaphunzitsa ku Paris nadzakhala Arkibishopu wa ku Canterbury m'zaka zoyambirira za m'ma 1200, pamene manambala a mavesi a Chipangano Chatsopano anaikidwa ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne m'chaka cha 1551. Manambalawa ndi othandiza kwambiri, chifukwa mlaliki akatchula vesi mpingo wonse umaipeza nthawi yomweyo, komabe abweretsanso chizolowezi chothothola chiganizo chimodzi pakati pa nkhani yake n'kuchinyamula chokha, ngati kuti chinalembedwa chopanda mawu ochitsogolera ndi ochitsatira.

Chizolowezi chimenechi chili ponseponse. Mavesi amalembedwa kumbuyo kwa minibasi, pamwamba pa chitseko cha golosale, pa zitenje za misonkhano ya amayi ndi pa makadi a ukwati, ndipo m'mawa uliwonse amayenda pa WhatsApp kuchoka foni ina kupita foni ina. Palibe chifukwa chonyozera zimenezi, popeza anthu ambiri osweka mtima atonthozedwa ndi vesi imodzi imene anaiona pa nthawi yoyenera. Vuto limayamba pamene vesi yokhayo yasanduka Baibulo lonse la munthu, moti iye sadziwanso amene anayankhula mawuwo, amene ankauzidwa, ndi chimene chinkachitika pa nthawiyo. Akatswiri a Malembo akamanena za kuwerenga vesi pamodzi ndi nkhani yake amatanthauza zinthu ziwiri, ndizo mawu oyandikana ndi vesiyo m'buku momwemo, ndiponso mbiri ya anthu amene analandira mawuwo poyamba.

Imodzi mwa mavesi okondedwa kwambiri ndi Yeremiya chaputala 29 vesi 11, pamene Mulungu akutsimikizira anthu ake kuti zolinga zimene ali nazo pa iwo n'zowachitira zabwino ndi kuwapatsa chiyembekezo cha m'tsogolo. Ambiri amailandira ngati lonjezo lakuti mayeso akhoza, ntchito ipezeka chaka chino, kapena ngongole itha posachedwa. Koma wowerenga amene wabwerera m'mbuyo n'kuyambira pa chaputala 28 amapeza nkhani yolemera kuposa pamenepo. M'chaka cha 597 Khristu asanabadwe, Nebukadinezara mfumu ya ku Babiloni anagonjetsa Yerusalemu natenga mfumu Yehoyakini, nduna zake, amisiri ndi osula zitsulo, pamodzi ndi ziwiya za m'Nyumba ya Mulungu, ndipo anasiya Zedekiya pa mpando kuti azilamulira otsalawo. Mitima ya anthu inali m'mwamba, ndipo aliyense ankafuna kudziwa kuti otengedwawo adzabwera liti. M'chaka chachinayi cha ufumu wa Zedekiya, m'mwezi wachisanu, mneneri wina wa ku Gibeoni dzina lake Hananiya anaimirira m'Nyumba ya Mulungu pamaso pa ansembe ndi anthu onse, nalengeza m'dzina la Mulungu kuti pasanathe zaka ziwiri ziwiya zonse zidzabwezedwa, mfumu idzabwerera, ndipo ukapolo udzatha.

Pa nthawiyo Yeremiya anali atavala goli lamtengo m'khosi monga chizindikiro chakuti dziko liyenera kugonjera Babiloni. Chochititsa chidwi n'chakuti iye sanapse mtima ndi uthenga wa mnzakeyo, koma anavomereza kuti akanakonda kuti Mulungu achitedi zimenezo, pakuti nayenso ankawakonda anthu akwawo, kenaka anakumbutsa gululo kuti mneneri wolosera za mtendere amadziwika kuti ndi woona pokhapokha mawu ake akakwaniritsidwa. Hananiya anachotsa goli lija m'khosi mwa Yeremiya nalithyola anthu akuona, ndipo Yeremiya anangochokapo osayankha. Anabweranso pambuyo pake, atalandira mawu kwa Mulungu, kudzanena kuti m'malo mwa goli lamtengo padzakhala goli lachitsulo, ndi kuti Hananiya wachititsa anthu kukhulupirira bodza. Hananiya anamwalira m'mwezi wachisanu ndi chiwiri wa chaka chomwecho. Kukhala chete kwa Yeremiya pa tsiku lija n'koyenera kukuganizira, chifukwa kukusonyeza munthu amene sanafulumire kuyankhula m'dzina la Mulungu ngakhale ananyozedwa pagulu, koma anadikira kufikira atamva.

Chaputala 29 ndi kalata imene Yeremiya anatumiza kwa akapolo a ku Babiloni kudzera mwa Elasa mwana wa Safani ndi Gemariya mwana wa Hilikiya, amithenga a mfumu Zedekiya. M'kalatamo anthu amene anali atamanga kale mitolo m'mitima mwawo akuuzidwa kuti amange nyumba, alime minda ndi kudya zipatso zake, akwatire ndi kukwatitsa ana awo, ndiponso kuti aufunire zabwino mzinda wa adani awowo ndi kuupempherera, popeza ubwino wawo unali utamangidwa pa ubwino wa mzindawo. Akuchenjezedwanso kuti asamvere aneneri ndi oombeza amene anali pakati pawo, ndipo vesi 10, imene yatsogola vesi yokondedwa ija, ikutchula nthawi imene ukapolo udzatenge, ndiyo zaka 70. Munthu wa zaka 40 amene anamva kalatayi ikuwerengedwa anazindikira pomwepo kuti manda ake adzakumbidwa ku Babiloni, ndi kuti amene adzaone Yerusalemu ndi ana ake kapena adzukulu ake. Mavuto sanathere pomwepo, chifukwa patapita zaka pafupifupi 10 chigwereni Yerusalemu koyamba, mzindawo unaphwasulidwa ndipo Nyumba ya Mulungu inatenthedwa, ndipo njira yobwerera kwawo inatseguka pokhapokha Koresi wa ku Perisiya atalanda Babiloni m'chaka cha 539 Khristu asanabadwe.

Apa m'pamene pali chodetsa nkhawa. Munthu amene watenga vesi 11 yokha n'kuimva ngati lonjezo la chipulumutso cha msangamsanga, watenga mawu a Yeremiya n'kuwapatsa tanthauzo la Hananiya, munthu yemweyo amene Yeremiya ankamutsutsa. Kuwerenga nkhani yonse sikumulanda Mkhristu vesiyi ayi, koma kumamubwezera ili yolimba kuposa kale, chifukwa lonjezo limene linagwira anthu dzanja kwa zaka 70 m'dziko lachilendo lingathe kugwiranso mayi amene akudwazika mwana wolumala moyo wake wonse, kapena bambo amene wakhala zaka zambiri ku Johannesburg akugwira ntchito zolemetsa osadziwa tsiku lobwerera kwawo. Anthu otere uthenga wa zaka ziwiri umawasangalatsa kwa kanthawi, koma zaka ziwirizo zikatha popanda kusintha kulikonse amayamba kudzikayikira kuti mwina chikhulupiriro chawo n'chochepa, kapena kukayikira Mulungu amene sanalonjeze zimenezo. Zofanana ndi zimenezi zimachitika ndi Afilipi chaputala 4 vesi 13, imene ambiri amaitenga ngati chitsimikizo chopambana pa chilichonse, pamene Paulo anailemba ali m'ndende, akuthokoza mpingo chifukwa cha mphatso imene Epafrodito anamubweretsera, ndipo ankanena za mphamvu yokhala wokhutira pa njala ndi pa kukhuta pomwe.

(Kanyimbo kakafupi)

Kuti Malembo angathe kugwiritsidwa ntchito molakwika si maganizo a anthu a masiku ano okha, pakuti Baibulo lenilenilo likuchitira umboni. Pa Mateyu chaputala 4, Satana akutengera Yesu pamwamba pa Nyumba ya Mulungu n'kumuuza kuti adziponye pansi, ndipo akutchula Salimo 91, limene limanena za angelo osunga munthu wokhulupirira. Mawu a salimolo ndi oona, koma anachotsedwa pa malo ake n'kusandutsidwa chida chokakamizira Mulungu, ndipo Yesu anayankha ndi Deuteronomo chaputala 6, pamene pakuletsedwa kuyesa Mulungu. Kayankhidwe ka Yesu kakusonyeza mfundo imene mpingo wakhala ukuisunga kuyambira kale, yakuti Malembo amatanthauzirana okhaokha, moti gawo lililonse liyenera kumvedwa mogwirizana ndi Baibulo lonse. Mfundoyi imafika mpaka pa moyo ndi imfa. Pali anthu amene asiya kumwa mankhwala otalikitsa moyo, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi chifukwa wina wawawerengera vesi ya machiritso n'kuwauza kuti kupitiriza mankhwala ndiko kukayikira Mulungu. Wowerenga Baibulo lonse amadziwa kuti mneneri Yesaya analamula kuti pa chithupsa cha mfumu Hezekiya aikepo nkhuyu zouma ngakhale Mulungu anali atalonjeza kale kumuchiritsa, kuti Paulo analangiza Timoteo za kasamalidwe ka m'mimba mwake mmene munkamuvuta kawirikawiri, ndi kuti Luka, mnzake wokondedwa wa Paulo, anali sing'anga. Kutaya mankhwala pofuna kutsimikiza chikhulupiriro kuli pafupi ndi kudziponya pansi kuja kusiyana ndi kukhulupirika kwa Yesu.

Buku la Yobu likuphunzitsa phunziro lomweli mwa njira ina, ndipo n'lofunika kulidekhera. Bukuli lili ndi machaputala 42, ndipo mbali yaikulu ndi mkangano wa pakati pa Yobu ndi abwenzi ake atatu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, amene anabwera kudzamupepesa atataya ana, chuma ndi thanzi. Abwenziwa anayankhula mawu okoma kumva, ndipo ena mwa mawu awo amatchulidwa kwambiri m'mapemphero a masiku ano, monga chaputala 8 vesi 7, imene ikunena za chiyambi chochepa chotsatiridwa ndi mathero aakulu, ndi chaputala 22 vesi 28, imene ikunena kuti chimene munthu watsimikiza chidzachitika. Yoyambayo ndi ya Bilidadi, amene mavesi ochepa m'mbuyomo wauza Yobu kuti ana ake anafa chifukwa cha machimo awo, ndipo yachiwiriyo ndi ya Elifazi, amene m'chaputala chomwecho akumunamizira Yobu kuti ankamana madzi otopa ndi kubweza akazi amasiye chimanjamanja. Kumapeto kwa bukuli, pa chaputala 42 vesi 7, Mulungu akukwiyira Elifazi ndi anzake awiriwo chifukwa sananene zoona za Iye monga anachitira Yobu. Izi sizitanthauza kuti chiganizo chilichonse cha abwenziwo n'chabodza, popeza Paulo mwiniwake akugwiritsa ntchito mawu ena a Elifazi pa 1 Akorinto chaputala 3. Kulakwa kwawo kunali kwakuti anatenga mfundo imene imakhala yoona nthawi zambiri, yakuti munthu amakolola zimene wafesa, n'kuiika pa munthu amene sinkamukhudza, ndipo potero anawonjezera chilonda pa chilonda. Aliyense amene amayendera odwala kapena kuyankhula pa maliro ayenera kuliwerenga bukuli kufikira kumapeto, chifukwa n'kotheka kunena mawu a m'Baibulo pa siwa n'kukhala utachimwira Mulungu ndi ofedwa pomwe.

Nkhani ya Yobu ikuthandiza kumvetsa chimene Baibulo limatcha nzeru. Nzeru si kuchuluka kwa mavesi amene munthu waloweza, kapena maphunziro a m'kalasi, koma ndi luso lokhala moyenera pamaso pa Mulungu ndi anthu, lodziwa mawu oyenera pa nthawi yoyenera, ndipo buku la Miyambo likuti luso limeneli limayambira pa kuopa Mulungu, kumene kuli kumulemekeza ndi kuvomereza kuti Iye ndiye mwini zonse. Pa Miyambo chaputala 26 pali mavesi awiri oyandikana, 4 ndi 5, yoyamba yoletsa kuyankha chitsiru ndi yachiwiri yolamula kuchiyankha. Osonkhanitsa miyamboyi sanaiike moyandikana mwangozi, ndipo Mchewa sangadabwe nazo, pakuti makolo omwewo amene anati kuona maso a nkhono n'kudekha ndiwonso anati mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndipo mkulu wa pabwalo amadziwika ndi kusankha mwambi wogwirizana ndi mlandu umene uli pamaso pake. Kusankha kumeneku sikulembedwa pa tsamba lililonse, n'chifukwa chake wowerenga sangathe kudalira maso ake okha.

Pa 1 Mafumu chaputala 3, Solomoni ali ku Gibeoni anapatsidwa mwayi wopempha chimene akufuna, ndipo sanapemphe moyo wautali, chuma kapena imfa ya adani ake, koma mtima womvera, kuti athe kuweruza anthu ndi kusiyanitsa chabwino ndi choipa. Anapempha nzeru chifukwa cha anthu amene anali m'manja mwake, ndipo anayamba ndi kuvomereza kuti sankadziwa njira. Wowerenga wodekha sadzaimira pamenepo, koma adzafika pa chaputala 11, pamene Solomoni yemweyo atakalamba anapatutsa mtima wake natsatira milungu ina, ndipo adzazindikira kuti nzeru si katundu wolandira kamodzi n'kusunga m'nkhokwe. Yakobo, m'chaputala choyamba cha kalata yake, akulimbikitsa wosowa nzeru kuti apemphe kwa Mulungu amene amapereka mowolowa manja osatonza wopemphayo, ndipo akunena zimenezi ali pakati pa nkhani ya mayesero, kutanthauza kuti nzeru imeneyi imafunika kwambiri pamene moyo wathina. M'chaputala 3 akupereka zizindikiro zake, kuti ndi yoyera, yokonda mtendere, yofatsa, yomva za ena, yachifundo ndi yopanda chinyengo, ndipo akuisiyanitsa ndi nzeru ina yodzaza ndi kaduka ndi kudzikonda. Zizindikirozi zikudzudzulanso munthu wophunzira, chifukwa alipo ena amene amadziwa mbiri ya Babiloni ndi tanthauzo la vesi iliyonse, koma chidziwitso chawo amachigwiritsa ntchito pochititsa manyazi anzawo pa mtsutso. Augustine wa ku Hippo, bishopu wa kumpoto kwa Africa amene anamwalira m'chaka cha 430, anaphunzitsa kuti munthu amene akuganiza kuti wamvetsa Malembo, pamene kumvetsa kwakeko sikukulitsa chikondi cha pa Mulungu ndi cha pa mnzake, ndiye kuti sanawamvetsebe.

Pali kafunidwe kena ka chitsogozo kamene kamaoneka ngati kauzimu koma kali kutali ndi kupempha nzeru, ndiko kutseka maso, kutsegula Baibulo paliponse, n'kuloza chala pa vesi kuti iyankhe ngati munthu akwatire, asamuke kapena ayambe geni. Ena amaliika Baibulo kunsi kwa pilo lili chitsegulire pa Salimo 91 osaliwerenga. Machitidwe otere amachokera m'mantha enieni ndipo ochitawo ayenera kuthandizidwa mwachifundo, komabe ayenera kuuzidwa zoona, kuti kutero ndiko kulisandutsa Baibulo ula kapena chithumwa, pamene Mulungu analipereka kuti limvedwe ndi kumveredwa. Wopempha nzeru moona amabwera ali wokonzeka kudzudzulidwa. Iye amadziwa kuti mtima wake umakonda uthenga wa Hananiya, ndipo akapeza kuti nthawi zonse Baibulo likungovomereza zimene anali atatsimikiza kale, amayamba kukayikira kawerengedwe kake. Martin Luther, m'chaka cha 1539, analemba za zinthu zitatu zimene zimaumba wophunzira Mawu a Mulungu, zimene anazipeza mu Salimo 119, ndizo pemphero, kusinkhasinkha, kumene kuli kubwereza mawu ndi kuwalingalira kufikira atalowa mumtima, ndi mayesero. Chachitatuchi anthu sachiyembekezera, koma n'choona, chifukwa pali masalimo amene munthu amawawerenga zaka zambiri osawamva, kufikira tsiku limene waika m'manda munthu amene ankamukonda.

(Kanyimbo kakafupi)

Baibulo silinalembedwe kuti munthu azilimbana nalo yekha. Pa Nehemiya chaputala 8, Ezara anaimirira pa nsanja yamatabwa nawerenga buku la Malamulo kuyambira m'mawa kufikira masana pamaso pa amuna, akazi ndi onse otha kumva, ndipo Alevi ankafotokozera anthu tanthauzo lake. Pa Machitidwe chaputala 8, nduna ya chuma ya ku Etiopiya, munthu wophunzira ndi waudindo, inali kuwerenga Yesaya m'galeta lake, ndipo sinachite manyazi kuvomereza kwa Filipo kuti ikusowa woitsogolera. Koma pa Machitidwe chaputala 17 pali mbali inayo ya nkhaniyi, pamene Ayuda a ku Bereya akuyamikiridwa chifukwa ankafufuza Malembo tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zimene Paulo ankalalikira zinali zoona. Ngati mtumwi Paulo anayesedwa ndi Malembo ndipo omuyesawo anatamandidwa, palibe mlaliki wa lero amene angati mawu ake asafunsidwe, ndipo mtsogoleri amene amaopseza anthu ake kuti asatsegule Baibulo pofuna kuona ngati wanena zoona wadzionetsa yekha. Mipingo ya m'Malawi ili kale ndi malo abwino ochitira zimenezi, monga miphakati ya Akatolika, misonkhano ya amayi a Mvano, Chigwirizano ndi Umanyano mu mpingo wa CCAP, ndi magulu a achinyamata a m'mipingo yambiri. M'malo otere mumapezeka mayi wachikulire amene Baibulo lake lakutidwa ndi jumbo kuopa mvula, masamba ake afewa ndi kuda m'mphepete chifukwa chogwiridwa, ndipo akafunsa funso limodzi la zimene anaona m'moyo, gulu lonse limabwerera ku ndime imene linkaganiza kuti laimaliza. Osadziwa kuwerenga nawonso sali kunja kwa ntchitoyi, pakuti Akhristu oyamba ambiri analandira makalata a atumwi ndi makutu, monga zikuonekera pa Akolose chaputala 4 pamene Paulo akupempha kuti kalata yake iwerengedwe mu mpingo kenaka itumizidwe ku Laodikea, ndipo masiku ano Baibulo la Chichewa lowerengedwa mokweza limapezeka pa foni.

Owerenga Chichewa ali ndi mwayi wina umene mitundu yambiri ilibe, chifukwa ali ndi Mabaibulo angapo. Buku Lopatulika, limene ntchito yake inatsogoleredwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed mothandizana ndi amishonale ena ndi Amalawi, linatuluka m'chaka cha 1922, ndipo limatsatira kwambiri kaumbidwe ka ziganizo za zinenero zoyambirira. Akatolika anatulutsa Malembo Oyera m'chaka cha 1966, ndipo Buku Loyera, limene mipingo ya Chikatolika ndi ya Chipulotesitanti inagwirira limodzi, linatuluka m'chaka cha 1998 ndi cholinga chopereka tanthauzo m'Chichewa chimene anthu amayankhula. Pamene gawo lina lavuta m'Baibulo limodzi, kuliwerenga m'linzake kumatsegula maso, ndipo pa gulu la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi sikawirikawiri kuti onse akhale ndi lofanana.

Kachitidwe kake ka tsiku ndi tsiku sikafuna zipangizo zodula. Ndi bwino kusankha buku limodzi n'kuliwerenga kuyambira pachiyambi kufikira kumapeto m'malo modumphadumpha, ndipo woyamba kumene angayambe ndi Uthenga Wabwino wa Marko, umene uli ndi machaputala 16, kapena kalata ya kwa Afilipi, imene ili ndi machaputala 4 okha ndipo imatha kuwerengedwa mokweza pasanathe mphindi 20. Asanayambe, wowerenga apemphe Mzimu Woyera kuti amuunikire, ndipo akamawerenga azifunsa amene akuyankhula, amene akuuzidwa, mtundu wa zolembedwazo, ndi chimene omvera oyamba anamva, asanafunse chimene mawuwo akutanthauza kwa iye lero. Funso lomalizali n'lofunika ndithu, chifukwa Yakobo akuchenjeza za munthu amene amamva mawu osawachita, koma likabwera poyamba limatsekereza mafunso enawo. Mkhristu amawerenganso Chipangano Chakale akukumbukira zimene Yesu anachita pa njira ya ku Emausi, pa Luka chaputala 24, pamene anafotokozera ophunzira awiri za Iye mwini kuyambira pa Mose ndi aneneri, kotero kuti malamulo a nsembe ndi malonjezo a kwa Israele amamvedwa kudzera mwa Khristu, osati kukopedwa mwachindunji ngati kuti mtanda kunalibe. Kabuku kolembamo mafunso n'kothandiza, popeza magawo ena sadzamveka pa tsiku loyamba, ndipo kalata yachiwiri ya Petro, chaputala 3, ikuvomereza poyera kuti m'makalata a Paulo muli zina zovuta kumvetsa, zimene anthu osakhazikika amazipotoza. Funso limene lakhala m'kabukumo kwa miyezi ingapo likhoza kutengedwa kwa abusa, kwa katekisiti kapena kwa mkulu wa mpingo, ndipo mphunzitsi wokhulupirika akalephera kuliyankha adzanena choncho n'kupempha nthawi yokafufuza.

Pulogalamu ya sabata yamawa idzakhala pa buku la Mlaliki, ndipo omvera akupemphedwa kuti adzakhale atawerenga machaputala atatu oyambirira, mokweza ngati n'kotheka, ndi kulemba mafunso amene akumana nawo.

(Kanyimbo kotsekera pulogalamu)